Mr. Bean ali ndi eni ake

Zigawo za sewero la Mr. Bean, ndikunena lija la munthu weniweni osati la makatuni, zilipo 15 basi. Ndikatero anthu amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza, ena mpaka kulumbira kuti iwo anaonera zambirimbiri. Koma nambala yake ndi imeneyo, ndipo chimodzi mwa zimenezi n'chongotolera tizidutswa ta m'zigawo zakale. Chilichonse chimatenga mphindi pafupifupi 25, moti mutayamba kuonera m'mawa, dzuwa likamapendeka mungakhale mutamaliza zonse. Zinkatuluka mwa apo ndi apo kuyambira 1990 mpaka 1995, chaka china zitatu, chaka china chimodzi chokha.

Nkhope ya a Rowan Atkinson, amene amasewera Bean, palibe amene saidziwa. Chimene ambiri sitichiona ndi dzina limene limabwera kumapeto kwenikweni, mayina a ojambula ndi osoka zovala atatha, pamene aliyense wadzuka kale pampando: Tiger Television. Ine ndili ndi chizolowezi chodikira mayina amenewa mpaka mathero, ndipo n'kumene ndinayambira kuchita chidwi ndi kakampani ka ku London kameneka. Ndikamawerenga mbiri yake ndimaona kuti nthabwala, ngakhale zikome chotani, zimapita kutali kapena kufera pakhomo malingana ndi amene wagwira mapepala ake.

Kale ku Britain nkhani ya kanema inali ya akuluakulu awiri okha. Kunali BBC, kunalinso ITV, yomwe inali mgwirizano wa makampani a m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo monga Thames, Granada ndi Central. Onsewa mapulogalamu awo ankapanga okha, m'masitudiyo awo, ndi makamera awo komanso antchito awo. Wanthabwala akabwera ndi nzeru yake, ankalandira malipiro a ntchito imene wagwira, koma seweroli likangojambulidwa linkasanduka katundu wa nyumbayo. Mwini nthabwala ankakhala waganyu pa nthabwala yake yomwe.

Zinthu zinayamba kusuntha pa 2 November 1982, pamene Channel 4 inatsegulidwa. Kanemayu anakhazikitsidwa mwadala kuti asamapange yekha mapulogalamu, azigula kwa ena. Mwadzidzidzi panapezeka msika, ndipo timakampani tinayamba kumera mbali zonse, ena a anthu atatu, ena a anthu awiri ndi lamya imodzi. A zanthabwala sanagone. A Mel Smith ndi a Griff Rhys Jones, amene anatchukira limodzi ndi a Atkinson m'pulogalamu ya BBC ya Not the Nine O'Clock News, anali atatsegula kale Talkback mu 1981, ndipo poyamba ankadyera kupanga malonda a pawailesi. Hat Trick inabwera mu 1986. Kenako boma la mayi Margaret Thatcher, lomwe linkakonda mpikisano kuposa china chilichonse, linakankha BBC ndi ITV kuti nazonso zizigula kunja, ndipo lamulo la Broadcasting Act la 1990 linakhomerera kuti mapulogalamu 25 mwa 100 alionse oyenerera azichokera kwa makampani oima paokha. Sindikhulupirira kuti aphungu amene ankakambirana lamuloli ankaganizako za Bean, munthu uja wovala nkhukundembo kumutu, koma khomo limene iwo anatsegula ndi lomwelo limene iye analowera.

Apa ndi pamene pakubwera a Peter Bennett-Jones, bambo amene mwina simunaonepo nkhope yawo ndipo simudzaiona. Iwo sanali oseketsa pa siteji. Anali munthu wa kumbuyo, wodziwa kuwerenga mgwirizano ndi kukambirana mitengo. Anayendetsapo Talkback kwa zaka zingapo, kenako anatsegula ofesi yawo yoimira akatswiri, PBJ Management, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankawaimira anali a Atkinson. Mu 1988 anayambitsa Tiger Television. Nzeru yake inali yosavuta: ngati anthu oseketsa ali kale m'manja mwako, bwanji uzingowaperekeza kukagwira ntchito kwa eni masitudiyo, m'malo mopanga nawo pulogalamu n'kukagulitsa yathunthu?

Dongosolo lotere lili ndi poterera pake, tisabise. Munthu mmodzi akakhala woimira katswiri komanso mwini kampani yolemba ntchito katswiriyo, pokambirana malipiro ndiye kuti akukambirana ndi thumba lake lomwe. Chimene chimathetsa vutoli kawirikawiri n'kumupatsa katswiriyo gawo m'kampani, kuti phindu likabwera adye nawo, ndipo a Atkinson anakhaladi ndi gawo lawo mu Tiger. Kwa ine mfundo yaikulu ya timakampani tonseti inali imeneyi, kuti woseketsa asiye kukhala wantchito chabe.

Munthu ameneyu wotchedwa Bean sanabadwire mu ofesi ya Tiger. A Atkinson anayamba kumuumba ali ku yunivesite ya Oxford, komwe ankachita digiri yachiwiri ya uinjiniya wa zamagetsi, ndipo kumeneko n'komwe anakumana ndi a Richard Curtis, amene anadzakhala mlembi wawo, ndi a Howard Goodall, amene anadzapeka nyimbo ya seweroli. Kwa zaka zambiri munthu wosayankhulayu ankaoneka pa siteji alibe dzina lokhazikika. Mu 1987, pa chikondwerero cha nthabwala cha Just for Laughs ku Montreal, a Atkinson anaumirira kuti awaike pa ndandanda ya oyankhula Chifalansa osati ya Chingerezi. Ankafuna kuona ngati anthu a chiyankhulo china angaseke. Muone kuti kameneka kanali kafukufuku wa msika, wochitidwa ndi munthu wa mutu wa uinjiniya, kampani isanabadwe n'komwe.

Ndipo kunali kulimba mtima. Nthawi imeneyo a Atkinson ankadziwika ku Britain ndi sewero la BBC la Blackadder, momwe ankakhala munthu wa lilime lakuthwa, woti akakunyoza umayamba wagoma kenako n'kumva kuwawa. Chigawo chomaliza cha Blackadder Goes Forth chinaulutsidwa mu November 1989. Pasanathe miyezi iwiri, pa 1 January 1990, munthu yemweyo anatulukira pa ITV atatseka pakamwa, akungong'ung'udza ndi kutong'ola maso. Anthu ophunzira amene ankakonda mawu okometsera a Blackadder ena anaona ngati katswiri wawo watsika. Mpaka lero ku Britain alipo amene amamuchitira manyazi Bean. Ine ndimaona kuti akulakwitsa, koma ndibwereranso.

Seweroli Tiger inapangira Thames Television, ndipo ku Thames kunali a John Howard Davies, amene anatsogolera zigawo zoyambirira. Bambo amenewa ali ndi mbiri yawoyawo. Ali mwana anasewera Oliver Twist m'filimu ya 1948, atakula anagwira ntchito pa Monty Python ndi Fawlty Towers ku BBC, ndipo mu 1989, ali mkulu wa zosangalatsa ku Thames, ndi iwo anathetsa pulogalamu ya a Benny Hill, yomwe inkagulidwa m'maiko ambiri chifukwa nthabwala zake zambiri zinali zoona ndi maso. Ndiye kuti Thames inachotsa woseketsa wake wogulitsika kunja chaka chimodzi, chaka chotsatira n'kulandira wina kuchokera ku kakampani kongobadwa kumene.

Taonani chigawo choyambacho, chimene a Ben Elton analemba nawo. Bean walowa m'chipinda cha mayeso a masamu. Akutulutsa zolembera m'thumba, chimodzi, china, chinanso, mpaka mulu, kenako tizidole tomupatsa mwayi, kenako wotchi ya belu. Akuyang'ana mnzake wa pambali monyada chifukwa iye wawerenga trigonometry usiku ndi usana. Atsegula envelopu, apeza pepala la calculus. Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto palibenso china koma munthu wamkulu akuyesa kuonera mnzake: kusendera pang'onopang'ono pa benchi, kuuzira pepala la mnzake kuti litembenuke, kugwetsa cholembera dala. Patatsala mphindi ziwiri woyang'anira mayeso akumbutsa onse kuti mu envelopu munali mapepala awiri, aliyense asankhepo limodzi. La trigonometry linali momwemo nthawi yonseyi.

Mukachiyang'ana ndi diso la munthu wosunga ndalama za kampani, chidutswa chimenechi n'chodabwitsa. Chipinda chimodzi, madesiki, osewera enieni atatu. Mawu oti munthu wa ku Brazil kapena ku Japan awamasulire ndi ochepa kwambiri. Palibe nduna ya boma imene ikunyozedwa, yoti pakatha zaka zisanu anthu adzaiwala kuti inali ndani. Nthabwala zambiri za pakanema zimakhala ngati ndiwo zamasamba, zikagona zasasa, koma izi zinaphikidwa kuti zisasase. Chaka chomwecho cha 1990 chigawochi chinapata mphotho ya Golden Rose ku Montreux, ku Switzerland, ndipo ogula a maiko ena anayamba kufunsa mtengo.

Zina zonse zimene timazikumbukira zinabwera pang'onopang'ono. Galimoto ya Mini ya m'chigawo choyamba inali yofiirira ngati lalanje ndipo inaphwanyika kumapeto kwake. Ija yobiriwira ya boneti yakuda, yokiyidwa ndi loko ngati chitseko cha nyumba, inabwera pambuyo. Kwaya yoimba m'Chilatini pamene Bean akugwa kuchokera kumwamba m'kuwala nayo inayamba ndi chigawo chachiwiri. A Robin Driscoll analowa m'gulu la olemba ndipo anakhala msana wa seweroli kwa zaka zambiri, ngakhale dzina lawo silitchulidwa kawirikawiri. Chigawo cha The Trouble with Mr. Bean cha mu 1992, chija akuvala ndi kutsuka mano akuyendetsa galimoto pothamangira kwa dokotala wa mano, chinaonedwa ndi anthu 18.74 miliyoni ku Britain kokha.

Tsono ndibwerere kwa aja amati Bean n'zachibwana. Onerani chigawo cha 1994 chimene wagula mpando wa sofa pa malonda otsitsa mitengo a mu January. M'galimoto mwadzaza katundu, malo okhala palibe, ndiye wamangirira sofa padenga la Mini, wakhalapo, chiwongolero akukoka ndi zingwe, mapedulo akuponda ndi mtengo wa chokolopera. Chimene chimaseketsa si uchitsiru. Nzeru iliyonse imene akuchita ikumveka ndithu, sitepe ndi sitepe, ndipo galimoto ikuyendadi. Cholakwika ndi poyambira pokha. Kulemba zotere n'kovuta kuposa kulemba chipongwe chokoma, chifukwa palibe mawu obisalamo. Ndipo Bean si munthu wabwino ayi. Ndi wodzikonda, wanjiru, amazunza galimoto ya matayala atatu ija popanda chifukwa, chibwenzi chake Irma amachiona chotsika kuposa chidole chake Teddy. Kampani yamantha ikanamufewetsa kuti akondedwe. A ku Tiger anamusiya ndi nkhanza zake zazing'onozing'ono, ndipo ana, amene amadziwa bwino nkhanza zotere, anamuzindikira msanga.

Chinthu china chimene ndimachitamanda n'kudekha. Sewero likamaonedwa ndi anthu 18 miliyoni, wogula aliyense amafuna zigawo 13 pa chaka, chaka ndi chaka, mpaka anthu atatopa nalo. A Atkinson ndi munthu wosakhutira msanga ndi ntchito yawo, ndipo kukhala ndi kampani imene mkulu wake ndi wokuimira kunawapatsa mpata wogwira pa liwiro lawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukayika ngati wantchito wamba wa m'nyumba yaikulu akanaloledwa kutulutsa chigawo chimodzi chokha chaka chonse cha 1993.

Ubwino wina woima pawekha unaoneka pamene Thames inagwa. Lamulo lija la 1990 linabweretsanso dongosolo logulitsa ziphaso za ITV kwa wopereka ndalama zambiri. Mu October 1991 kunalengezedwa kuti Thames yaluza chiphaso chake cha London kwa Carlton, ndipo inasiya kuulutsa kumapeto kwa 1992. Bean sanafe nayo. Tiger inapitiriza kumupanga, tsopano kudzera ku Central, ndipo oonera sanazindikire n'komwe kuti pasintha kanthu. Thames, chimphona chija, nayo inasanduka kampani yongopanga mapulogalamu, inagulidwa ndi Pearson mu 1993, ndipo patapita zaka inaphatikizidwa ndi Talkback, komwe a Bennett-Jones anaphunzirira ntchito.

Mu 1993 Tiger inagwirizana ndi kampani ya Aspect Film and Television, dzina n'kukhala Tiger Aspect Productions. Kuyambira apa mbiri yake ikuthamanga. Mu 1994, chaka chimene Church of England inadzoza ansembe aakazi oyamba, a Curtis analemba The Vicar of Dibley, mayi Dawn French n'kukhala wansembe wamkazi wotumizidwa kumudzi wa anthu osafuna kusintha. Linali sewero lofatsa, koma ndikuganiza kuti linazoloweretsa anthu wamba nkhani imene akuluakulu a mpingo ankakanganirana, ndipo linakhala pa BBC mpaka 2007. Kunabweranso Harry Enfield and Chums, The Thin Blue Line momwe a Atkinson anali mkulu wa polisi, The Catherine Tate Show, Benidorm. Mu 1997 filimu ya Bean, yotsogoleredwa ndi a Mel Smith ndipo yopangidwa pamodzi ndi Working Title, inapeza ndalama zoposa madola 250 miliyoni padziko lonse. Ine filimuyo sindiikonda kwenikweni. Anamupititsa ku Los Angeles, anamuyankhulitsa kwambiri, n'kumupatsanso mtima wachifundo kumapeto. Koma ndalama sizifunsa maganizo anga.

Kampani ikakula imayamba kudya zambiri. Pamakhala lendi ya maofesi, malipiro a mwezi ndi mwezi, maloya, owerengera ndalama, ndipo zonsezi sizidikira kuti katswiri wanu apeze nthabwala yatsopano. Nthabwala n'zosadalirika: mwa masewero khumi oyeserera mwina limodzi ndi limene limagwira. N'chifukwa chake pafupifupi kampani iliyonse ya nthabwala imene yakhalitsa inayamba kupanga zina. Tiger Aspect inalowa m'masewero a nkhani zolemera, m'mapulogalamu a ana monga Charlie and Lola, ndipo inali m'gulu la opanga filimu ya Billy Elliot ya 2000. Ambiri amadabwa akamva kuti Peaky Blinders, sewero la zigawenga za ku Birmingham lomwe linayamba mu 2013, linapangidwa ndi Caryn Mandabach Productions pamodzi ndi kampani yomweyi ya Mr. Bean.

Kenako panabwera lamulo lina, lomwe kwa ine ndi limene linatha nyengo ya timakampani. Ngakhale makampani oima paokha anali ochuluka, kwa zaka zambiri mgwirizano wa masiku onse unali woti nyumba youlutsa ilipire mtengo wopangira pulogalamu, iwonjezepo kaphindu pang'ono, umwini wonse n'kutenga. Lamulo la Communications Act la 2003 linasintha zimenezi: nyumba youlutsa izigula chilolezo choonetsa kwa nthawi yoikika, koma umwini uzitsala kwa wopanga, azigulitsa yekha kunja, pa DVD ndi kwina kulikonse. Opanga mapulogalamu anavina. Iwo anamenyera zimenezi kwa zaka zambiri ndipo anayeneradi kupambana. Koma walira mvula walira matope. Kampani imene dzulo inali ndi madesiki ndi lamya basi, lero inali ndi nkhokwe ya katundu wogulitsika, ndipo chinthu chokhala ndi nkhokwe chimakopa ogula. Talkback inali itagulitsidwa kale kwa Pearson mu 2000 pa mapaundi 62 miliyoni, ndipo aliyense m'ntchitoyi anaimva nambala imeneyo.

Tiger Aspect inagulidwa mu 2006 ndi IMG, kampani ya ku America yodziwika ndi kuyendetsa za osewera gofu ndi tenesi. Mu 2009 IMG inaigulitsa kwa Endemol, eni ake a Big Brother. A Bennett-Jones anachokamo mu 2011. Endemol inaphatikizana ndi Shine, kenako mu 2020 gulu lonselo linamezedwa ndi Banijay ya ku France, imodzi mwa makampani aakulu kwambiri opanga mapulogalamu a kanema padziko lapansi. Choncho Bean, amene anabadwa pamene oseketsa ankathawa m'nyumba zikuluzikulu kuti akhale eni a ntchito yawo, lero ali m'kaundula wa katundu wa nyumba yaikulu kuposa Thames ija, moyandikana ndi MasterChef ndi Survivor.

Sindikuwaweruza amene anagulitsa. Munthu amene wamanga chinthu kwa zaka pafupifupi 20 ali ndi ufulu wokolola, ndipo a Bennett-Jones nthawi yawo yambiri anaiperekanso ku Comic Relief, bungwe lachifundo limene a Curtis ndi a Lenny Henry anali m'gulu la oliyambitsa mu 1985, komwe anakhala wapampando wa matrasti kwa zaka zambiri. Funso langa ndi lina. Kodi lero munthu atalowa mu ofesi ya gulu lalikulu chonchi n'kunena kuti ali ndi sewero la bambo wosayankhula, wanjiru, ndipo azitulutsa chigawo pokhapokha akakhutira nacho, angamupatse khofi n'komwe? Gulu lalikulu limadziwa kusamala chinthu chotchuka kale. Kubetcha pa chinthu chachilendo ndi ntchito ya anthu ochepa odziwana, oti akaluza aluza zawo.

Kusamalako akuchitadi mwaluso. Makatuni a Mr. Bean anayamba mu 2002, oyambirira akujambulidwa ku situdiyo ya ku Budapest, a Atkinson akupereka mawu komanso kusewera pamaso pa ojambula kuti atengere kayendedwe kawo. Zigawo zake zinapitirira 100 kalekale, ndipo ana ambiri lero amadziwa Bean wa katuni asanaone wa thupi. Zigawo 15 zija nazo zinadulidwadulidwa kukhala tizidutswa ta mphindi zochepa pa YouTube ndi Facebook, komwe zikupezabe ndalama kuchokera kwa anthu amene anabadwa seweroli litatha kale. Linagulitsidwa m'maiko ndi m'madera oposa 200. Mu 2012, pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku London, a Atkinson anakhala pakati pa London Symphony Orchestra akugogoda batani limodzi la kiyibodi monyong'onyeka, ndipo panalibe wofunika kufotokozeredwa kuti akuona ndani.

Eni ake a nkhopeyo, a Atkinson, anatopa kalekale. Ananenapo poyera kuti munthu wa zaka za m'ma 50 akamachita zachibwana zimayamba kumvetsa chisoni, ndipo mu 2021 anauza magazini ya Radio Times kuti kusewera Bean kumawapanikiza ndi kuwatopetsa, moti katuni n'njopepukirapo chifukwa amangopereka mawu. Kwa eni katundu imeneyi si nkhani yodetsa nkhawa. Wa katuni sakalamba ndipo msana sumupweteka.

Anthu amene anakulira mu Tiger Aspect ena anatuluka kukayamba zawo. A Greg Brenman, amene ankatsogolera mbali ya masewero a nkhani zolemera ndiponso anali mmodzi mwa opanga Billy Elliot, anachoka ndi anzawo n'kutsegula kakampani kawo kotchedwa Drama Republic mu 2013, koima pakokha, ka anthu ochepa odziwana. Mu 2021 gawo lalikulu la kampaniyo linagulidwa ndi Mediawan, ya ku Paris.